Nkhope ya Bambo Anga m'Dongo

Ndikukumbukira chaka chimene ndinakwanitsa zaka khumi ndi chimodzi, nthawi ya nkhondo ya azungu ija. Bambo anga, a Mulipa, anali atatha madzinja awiri osaoneka pakhomo. Anatengedwa pamodzi ndi amuna ena a m'mudzi mwathu kukakhala amtengatenga, osenza katundu wa asilikali, ndipo kumene anapitako sikunkachokera uthenga. Tinatsala atatu pamalo a mzungu wa tiyi kufupi ndi Milonde: amayi, amene ankagwira thangata kuti tisathamangitsidwe, ine Dorika, ndi mlongo wanga Yakobe, amene bambo anamusiya akuyamwabe.

Tsiku lina panjira panadutsa mwamuna wachilendo atasenza nsungwi. Yakobe anathamanga, nakamugwira mwendo, akufuula kuti, "Ababa! Ababa!" Munthuyo anaseka, namusisita pamutu, napitirira. Amayi anasiya lichero pansi n'kupita kuseri kwa nyumba, ndipo anakhalitsako. Ine ndinatsinzina kuti ndiwaone bambo m'maganizo, ndimuuze mwanayo mmene analili. Mawu awo ndinawamva, fungo la fodya wawo ndinalimva, koma nkhope inakana kubwera. Ndinachita mantha kwambiri.

Sukulu yathu inali kanyumba kofolera udzu, nthambi ya mishoni, yokhala ndi mipando ya dothi ndi masileti ochepa amene tinkabwerekana. Lachisanu masana inali nthawi ya ntchito ya manja. Anyamata ankaluka mikeka ndi madengu, atsikana tinkaumba. Sabata imeneyo aphunzitsi athu a Tomasi, munthu wamtali wokonda kutsokomola asanalankhule, anatiuza kuti pakatha miyezi iwiri kudzabwera abusa kudzayendera sukulu, choncho aliyense asankhe chinthu chimodzi choti adzaonetse. Atsikana anatchula miphika, mitsuko ndi mbale. Itafika nthawi yanga ndinati, "Ine ndiumba mutu wa bambo anga."

Anzanga anaseka mpaka ena kugwa pamipando. Aphunzitsi sanaseke. Anangondifunsa ngati ndinaumbapo kanthu chiyambire, ndipo ndinayankha kuti ting'ombe tokha ta kudambo.

"Chabwino," anatero. "Koma usadzabwere kuno ndi misozi."

Mutu woyamba ndinauumbira kunyumba. Ndinakumba dongo m'mbali mwa mtsinje, ndinalibulungiza kukhala chibuma chachikulu ngati papaya, ndinaboola maso ndi chala, ndinamata mphuno, kenaka ndinauyika padzuwa kuti uume msanga. Pofika tsiku lachitatu unali utang'aluka kuchokera pamphumi mpaka kuchibwano. Amayi anaupeza kuseri kwa nkhokwe pochokera kumunda wa tiyi. Sindinawaonepo atakwiya chotero.

"N'chiyani chimenechi?"

"Ndi ababa."

"Ukuumba munthu wamoyo? Ndiye wang'aluka chonchi! Ukufuna pakhomo pano pabwere uthenga wotani, mwana iwe?"

Sanandimenye, ndipo sanauswe. Anaunyamula ndi manja awiri mosamala, napita nawo kumtsinje, nauyika m'madzi pang'onopang'ono, n'kuima pamenepo mpaka wonse unasungunuka. Apo m'pamene ndinadziwa kuti nawonso ankaopa, kungoti chimene ankaopa iwo chinali china.

Ndinafotokozera aphunzitsi, ndipo iwo anapita okha kukacheza ndi amayi. Zimene anakambirana sindinazimve. Pobwera anandiuza kuti amayi alola ndiumbire kusukulu, koma chinthucho chisadzapondenso pabwalo pawo.

Mutu wachiwiri unandidyera masabata atatu. Poyamba unafanana ndi woyamba uja. Eneti, mtsikana amene amayi ake anali oumba mbiya otchuka ndipo ankatiposa tonse, anauyang'ana n'kunena kuti, "Limeneli ndi dzungu lobooledwa ndi mbewa." Aphunzitsi anautembenuza uku ndi uku, natsokomola.

"Ameneyu ndi munthu aliyense," anatero. "Bambo ako ali pati apa?"

Ndinaulula mwamanyazi kuti nkhope yawo ndayiiwala.

"Nanga palibe amene anatengera nkhope yawo?"

Anthu onse ankanena kuti Yakobe ndi bambo ake enieni. Choncho masana ena, mwanayo atagona pamkeka pamthunzi, ndinakhala pambali pake n'kuyamba kuyendetsa zala zanga pankhope pake mofatsa. Zimene ndinapeza zinandidabwitsa. Maso sakhala kumwamba kwa mutu monga ndinkaganizira, amakhala pakati penipeni. Diso si dzenje ayi, ndi kanthu kotukuka kobisala pansi pa fupa la nsidze. Khutu limayambira molingana ndi diso n'kuthera molingana ndi mphuno. Ndinali nditakhala ndi anthu zaka khumi ndi chimodzi, koma ndinali ndisanamuyang'anepo munthu. Ndinkamugwira Yakobe, kenaka ndinkathamangira kusukulu zala zikukumbukirabe. Chibwano ndinachitalikitsa kuti chikhale cha munthu wamkulu, ndevu ndinazikanda ndi tsache la udzu. Ulendo uno ndinaumika pamthunzi, nditafunditsa masamba a nthochi. Inali nyengo ya chiperoni, phiri losaoneka ndi nkhungu, ndipo dongo linauma mochedwa popanda mng'alu ngakhale umodzi.

Tsiku lootcha tinasanja zoumba zathu zonse pamodzi, tinaziphimba ndi makungwa ndi udzu wouma, n'kuyatsa. Moto utangokolera bwino, kunamveka kuphulika ngati mfuti. Tonse tinabalalika. Phulusa litazizira tinapeza mutu wanga uli zidutswazidutswa, ndipo chidutswa china chinali chitaboola mtsuko wa Eneti, umene anaukongoletsa ndi mizere kwa masiku ambiri. Eneti analira mokweza, akunditukwana. Ine ndinangoima, ndikukumbukira kuti ndinaletsedwa kubwera ndi misozi.

Chilango changa chinali choti ndizimukumbira Eneti dongo, kulisinja ndi kumutungira madzi mpaka atamaliza mtsuko wina. Aphunzitsi anawonjezera kuti ndingachite bwino kuumba kambale ngati anzanga, popeza kunatsala masabata atatu okha. Ndinati ayi, ndiyesanso. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Ukayesanso, ukaotchere wekha kutali ndi za anzako."

Dongo limene Eneti ankafuna linkapezeka kufupi ndi uvuni wa njerwa wa pa esiteti ya mzungu uja. Amene ankayang'anira uvuniwo anali a Makwinja, bambo wamfupi wopanda nsidze chifukwa zinapserera kalekale. Ine ndinkayenda ndi chidutswa cha chibwano cha mutu wophulika uja nditachimanga pansonga ya nsalu. Tsiku lachiwiri ndinalimba mtima, ndinagwada patali pang'ono, ndinawaonetsa, n'kuwafunsa chifukwa chake njerwa zawo siziphulika.

Anachilandira, nachithyola pakati, nandionetsa m'kati mwake.

"Taona mwanawe. Kunja kwapsa, kwafiira. M'katimu mwada, munali madzi. Chinali chachikulu bwanji?"

Ndinawaonetsa ndi manja.

"Chopanda mphako?"

"Eya."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Chibuma chotere chingaume m'kati ngakhale utachisunga mpaka mvula? Madzi obisala akamva moto amafuna potulukira, akasowa khomo amagumula khoma. Uumbe ngati mphika wovundikira, khoma lake lisapose chala chako, pansi pakhale potsegula. Usinje mapale akale usakanize m'dongomo. Ndipo usachiponye pamoto mwadzidzidzi. Chiyambe chaotha moto chapatali tsiku lonse, ngati nkhalamba."

Ndinabwerera ndikuthamanga, dengu la dongo lili pamutu, koma panjira ndinazindikira vuto. Kuumba mphika sindinkadziwa. Masiku onse amene anzanga ankaphunzira, ine ndinkauona ngati ntchito wamba. Amene ankadziwa bwino anali mmodzi yekha, ndipo sankandilankhula.

Ndinamuyikira Eneti dongo lake, ndinamusinjira bwino kuposa masiku onse, kenaka ndinati, "Undiphunzitse kukweza mphika."

"Iwe amene unandiswera mtsuko?"

"Ine ndemwe."

Anatembenukira kudongo lake. Koma sanandithamangitse nditakhala pafupi kumuonerera mmene ankapotera dongo kukhala zingwe zonenepa, kuzisanjikiza mozungulira ndi kuzimata ndi chala chachikulu. Ndinayamba kutsanzira. Khoma langa linagwa kawiri chifukwa ndinkafulumira kusanjikiza za pamwamba za pansi zisanalimbe. Kachitatu Eneti analephera kupirira. Anandimenya padzanja.

"Osakanikiza chonchi! Dzanja lina lizikhala m'kati, lizichinjiriza. Ukaumba ndi dzanja limodzi ukukankha chabe."

Mawu amenewo ananditsegula maso. Ndi dzanja la m'kati ndinatha kukankhira masaya kunja, kutukula mphumi, kutulutsa chibwano, pamene la kunja linkasalaza. Nkhope inayamba kuchokera m'kati, monga imachitira ya munthu. Ndinasalaza ndi chigoba cha nkhono, ndinakulungiza ndi kamwala ka mumtsinje, n'kuumika masiku khumi. Tsiku lililonse ndinkaugunditsa patsaya langa kuti ndimve ngati ukuzizirabe, chifukwa Eneti anati dongo lozizira ndiye kuti likadali ndi madzi.

Kutatsala masiku awiri kuti abusa afike, ndinasonkha moto kuseri kwa sukulu, pafupi ndi chulu. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka ndinkausendeza mutuwo kufupi ndi moto pang'onopang'ono, ndikuutembenuza. Kenaka ndinauphimba ndi makungwa. Eneti anabwera n'kuima chapatali, akuti akungodutsa. Moto utafika pachimake tinamva kaphokoso kakang'ono, the! Tinadikira kuphulika, koma sikunabwere.

M'mawa mwake ndinafukula phulusa ndi kamtengo. Khutu lakumanzere linali litathothoka, chifukwa ndinalimata dongo la mutu litayamba kale kuuma. Tsaya limodzi linada ndi utsi. Koma mutu unali wathunthu, ndipo nditaugogoda ndi chala unalira ngati mphika wakupsa bwino.

Abusa anafika pa machila. Anauyang'ana mutu wanga pang'ono, nafunsa aphunzitsi kanthu m'Chingerezi, nagwedeza mutu, napita kukayamikira mikeka ya anyamata ndi mtsuko watsopano wa Eneti. Sizinandipweteke kwenikweni. Sindinaumbire iwo.

Madzulo ake ndinaukulunga m'masamba n'kupita nawo kwathu. Ndinaima kumalire a bwalo, pamene panathera posesa, chifukwa lamulo la amayi ndinkalikumbukira. Iwo anali akutsuka nyemba za kalongonda. Anadzuka, napukuta manja pansalu, nabwera. Ndinavundukula. Anayang'ana nthawi yaitali, kamvula ka chiperoni kakutiwaza tonse awiri.

"Mphuno walakwitsa," anatero potsiriza. "Ya bambo ako inapindika apa, anagwa mumtengo ali mnyamata. Nanga mphini zawo zili kuti? Zitatu, tsaya ili."

Anagwira tsaya lakudalo ndi nsonga za zala. Kenaka anatembenuka, nanena ali chofulatira kuti, "Lowa nawo m'nyumba, angavumbwe."

Bambo anabwera chaka chotsatira, nthawi yokolola. Anali ataonda mpaka mafupa a nkhope kuonekera, mano awiri akutsogolo kulibe, ndipo sankalankhula kwambiri. Yakobe anabisala kumbuyo kwa amayi. Patapita masiku angapo bambo anauona mutu uja pamwamba pa khoma, nafunsa kuti ndi ndani. Nditawauza, anautsitsa, nauzungulitsa m'manja.

"Ameneyu ndine? Nanga khutu linalo munadyera nsima?"

Anaseka, ndipo kanali koyamba kuwamva akuseka chibwerere. Ine ndinkayang'ana nkhope ziwirizo moyandikana, ndikuona zolakwika zimene amayi sanatchule n'komwe: mphumi yotambalala kwambiri, milomo ya mwana, maso a munthu amene sanaonepo zimene iwo anaona. M'mawa mwake ndinalawirira kukakumba dongo. Nditabwera ndinawayalira mkeka pakhonde n'kuwapempha kuti akhale chete, ayang'ane kuphiri. Anakhala.

Lero ndakalamba, zala zanga zinapindika, ndipo zimene ndaumba moyo wanga wonse sindingaziwerenge. Zambiri zinasweka. Chimene ndikudziwa tsopano n'chakuti chinthu sichisweka chifukwa cha tsoka kapena chifukwa manja ako ndi oipa. Chimasweka pa chifukwa chake, ndipo chifukwacho chimakhala chitalembedwa pa chidutswa, kungoti nthawi zambiri timachitaya msanga ndi manyazi tisanachiwerenge. Ana a sukulu a masiku ano akabwera pakhomo panga nkhope zili zakugwa, ntchito yawo itaphwanyika, sindiwatonthoza ndipo sindiwauza kuti asiye. Ndimawayalira mkeka n'kunena kuti, "Bwera nazo kuno zidutswazo, tione mmene zaswekera."