Alamu akuti ndikhoza kubwerera ku Vubwi

Anabanda, lero chakwana chaka chichokereni inu. Dzulo kunabwera alongo anu, a Yohane. Anakhala pakhonde nthawi yaitali akukamba za mvula, kenaka anati, "Alamu, mwambo tinatsiriza, tinakusudzulani. Sikuti tikukuthamangitsani ayi, koma pano mukungokhala nokhanokha. Kwanu ku Vubwi kuli abale, azikakuphikirani." Sananame. Ana ali ku Lusaka, amaimba foni Lamulungu lokha. Masiku ena dzuwa limalowa ndisanayankhule ndi munthu, ndipo wailesi ndimangoitsegula kuti m'nyumba muzimveka mawu.

Atapita, ndinakumbukira tsiku lija tinkaswa mtedza pansi pa mtengo wa mango umene agogo anu anabzala mishoni itangofika kumene kuno ku Katete. Tinali titakangana pang'ono, ine n'kunena kuti, "Paja ine ndine mkamwini chabe, mlendo pamudzi pano." Inu simunadzutse n'komwe mutu. Munangoti, "Mlendo wanji wodziwa pamene denga limadontha? Iswani mtedzawo, abambo." Ndinaseka, mkangano n'kuthera pomwepo. M'mawa uno ndinapita kukawayankha alamu kuti ndikhala konkuno. Kuno ndikapita kuchigayo kapena kutchalitchi, wina amati, "Anabanda akanakhalapo bwenzi akutiseka," ndipo timakamba za inu pang'ono, tsiku n'kupepukako. Ku Vubwi, ndisanatchule dzina lanu, ndiyenera kuyamba ndafotokoza kuti munali ndani. Zimenezo ine sindingathe.