Puloti Yakumapeto

Ndikukumbukira Lachisanu lina m'Januwale, cha m'ma 2 koloko masana, ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri. Kunali ng'amba, ndipo tsikulo linali lathu lolandira madzi kuminda ya mpunga ya ku Likangala. Bambo anandituma kukatsegula ngalande. Nditaona madzi akulowa bwino m'puloti yoyamba, ndinasamba m'miyendo n'kupita kumpira.

Puloti yakumapeto inali ya azakhali anga, mayi wamasiye. Chapakati ngalande inali itabooka, madzi onse anathawira m'tchire. Mpunga umene anali atangowokera unapserera.

Bambo anandikwapula ndi kanthambi ka bulugamu mpaka kanathyoka.

"Unafika kumapeto?"

"Madzitu amayenda, bambo."

"Amayendera ndani? Chitsiru iwe! Wotsegula madzi amayenda nawo mpaka puloti yomaliza, akumata pobooka paliponse."

Ndinawasungira mkwiyo zaka zambiri.

Mwezi wathawu mwana wanga Tiyamike ankalemba fomu ya pa intaneti yofunsira malo kukoleji ina ya unamwino, pafoni yanga yong'aluka galasi. Ankatseka 5 koloko tsiku lomwelo. Atafika pa tsiku lobadwa, kakalendala kosankhirapo sikanatuluke. Anadina, anadinanso. Tinayesa foni ya mlamu wanga wa ku Kachulu, chimodzimodzi. Nthawi inakwana mwanayo ali chigwirire foni, misozi ikugwera pagalasi.

Madzulo ndinapita ndi foni yangayo kwa aphunzitsi a makompyuta a kusekondale yathu.

"Foni yanu ilibe vuto, achimwene," anatero. "Kungoti bulawuza yake, chotsegulira masambachi, ndi yakale, sidziwa kalendala yamakonoyi. Pali kachigamba kamene opanga tsamba amaikapo, mizere yochepa chabe, kuti foni zakale nazo zithe. Awa sanaikepo."

Mizere yochepa chabe! Ndiye kuti munthu wina anaona madzi akulowa bwino pafoni yake yatsopano, n'kusamba m'miyendo, ulendo kumpira. Ine ndinali mwana wa pulayimale. Iyeyo ndi munthu wamkulu wophunzira bwino, ndipo palibe amene adzamuthyolere nthambi. Bambo anamwalira ndisanawauze kuti ndinamva. Kumapeto kwa ngalande kumakhala munthu, ndipo safunsidwa.

M'mawa mwake ndinakwera minibasi yoyamba. Nditafika kukolejiko, ndinaika foni yanga yong'aluka galasi ija patebulo la mkulu wolemba ophunzira.

"Pepani bwana," ndinatero, "lembani tsiku lanu lobadwa apa. Ine ndidikira."

Ndinakoka mpando n'kukhala.