Seva Yozimitsidwa Kukachita Mdima Kumwamba

Zipani zitachuluka, mabungwe nawonso anamera ngati bowa. Lina la alimi a mtedza linandilemba ntchito ku Madisi, ine mwana wa tenanti amene ndinaphunzira kompyuta mwamwayi. Anandiuza mosapsatira kuti maimelo akamayenda, ntchito ilipo. Akaima, ndione msewu.

Tinali ndi maseva awiri, makompyuta otumikira makompyuta anzawo. Yaikulu inali mu ofesi mwathu, ndipo ndiyo inkasunga maina ouza makompyuta ena kumene maimelo athu azifikira. Yaing'ono inali ku Lilongwe, m'manja mwa mnzanga wa kusukulu. Ntchito yake inali kugogoda kwa yaikulu, kufunsa ngati pali chasintha, n'kukopera. Ikagogoda masiku ambiri osayankhidwa, inkaleka kukhulupirira zimene inakopera kale n'kungoti duu, maimelo n'kusowa kolowera. Lamya yolumikiza awiriwa inkatsegulidwa masana okha, nthawi imene ine ndinkakhala ku Malomo kapena ku Ntchisi kuphunzitsa makalaliki kutaipa.

Chilimwe chonse zinayenda bwino. Mvula itangoyamba, ogula mtedza anayamba kudandaula kuti maimelo awo akubwerera.

"Aise, nambala ya siriyo wakweza?" mnzangayo ankafunsa pafoni, poti yaing'ono sikopera ngati nambalayo sinakwere.

"Ndakweza mpaka yatopa."

"Ndiye yakoyo ndi yamwano. Yanga ikugogoda, kuli zii."

Ndinafufuza fayilo mzere ndi mzere. Ndinaona ngati yaikulu ikuilola yaing'ono kukopera, ndipo inkailola. M'mawa uliwonse ndinkaipeza ikulira bwinobwino. Ndinkaona kuti dzulo lake inazima, koma ndinkangotukwana magetsi, poti nthawi ya dzinja ndani sawatukwana? Mantha anandigwira ndithu, ndinayamba kuonda.

Tsiku lina minibasi ya ku Ntchisi inatitimira m'matope, ndipo ndinabwerera ku ofesi dzuwa likadali pamutu. Kumapiri kunali kutada bii. Ndinapeza mkulu wa ofesi yathu, bambo ofatsa a tsitsi la imvi, atagwada pansi pa tebulo akuzula mawaya onse, wa magetsi ndi wa lamya womwe. Atatha anafunditsa seva chitenje.

Mtima unandiwira. "Bambo, mukutani? Ndi inu mwakhala mukuchita zimenezi?"

"Suona kumwambako, mwananga? M'mawa ndimabwezeretsa usanafike, palibe chimaonongeka."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwalalatire, koma iwo anapitiriza, maso ali pa chitenje chija.

"Mwana wanga wachisamba mphenzi inamupeza akuanula zovala pa waya. Anali atangolemba mayeso. Waya ndi waya, mwananga. Muno muli ana a eni."

Ndinakhala pansi. Mvula inayamba kugwa pa malata.

Ndikanatha kukawanenera kwa akuluakulu a bungwe, ndipo akanawaletsa, mwina kuwachotsa kumene. Ndikanathanso kuwafotokozera za chida choteteza ku mphenzi, koma munthu amene anaika mwana m'manda sumuuza za chida. Mawa lake ndinaimbira mnzanga uja kuti tisinthanitse: ya ku Lilongwe ikhale yaikulu, yathuyi izikopera ikadzuka. Maimelo anayambanso kuyenda, osaimanso.

Akuluakulu sanachedwe kuona kuti ngati zonse zikuchitikira ku Lilongwe, wa makompyuta ku Madisi ndi wongodya malipiro. Anandichotsa ntchito. Zinandiwawa, sindinama. Bambo aja anandinyamulira chikwama mpaka pa siteji, akudandaula njira yonse kuti bungwe lopanda chisoni lachotsa mwana wolimbikira popanda chifukwa. Ndinawavomereza, n'kukwera minibasi.