Kabokosi Kofuna Dzina la Msewu

Magdalene Nkhoma anabadwira ku Kanyama, komboni yothithikana anthu ya mu Lusaka, m'nyumba ya zipinda ziwiri imene agogo ake aamuna anamanga atachoka ku Kasungu kudzagwira ntchito ya njanji. Nyumbayo ili pachidikha. Kutsogolo kwake kwadutsa ngalande imene imatsekeka chaka ndi chaka ndi mchenga ndi mapulasitiki, ndipo mvula ikakula madzi amalowa m'nyumba osaodira n'komwe. Magdalene wakula akusenza matiresi pamutu Januwale aliyense.

Kulemba mapulogalamu anaphunzira yekha, pa kompyuta ya shopu ina ya m'tauni kumene ankagwira ntchito ya fotokope. Makasitomala akachepa, iye maso pa maphunziro a pa intaneti. Ali ndi zaka 27, kakampani kena ka ku Kabulonga, dera la anthu olemera, kanamulemba ntchito. Mayi ake mpaka lero amauza anzawo a kutchalitchi kuti mwana wawo amakonza makompyuta, ndiye anthu sasiya kumubweretsera mafoni osweka.

Chaka chatha kampaniyo inapatsidwa ntchito ndi bungwe lina lothandiza anthu. Ankafuna apu ya pafoni yoti anthu a m'makomboni azinenerapo ngalande zotsekeka, kuti gulu la mafosholo lizipita kukatsegula mvula isanayambe. Magdalene anakondwa mpaka kuvina m'khitchini ya ofesi. M'mutu mwake munali ngalande ya pakhomo pawo.

Chimwemwecho sichinakhalitse. Mkulu wa timu, a Fanwell, anakulira ku Woodlands, kumene msewu uliwonse uli ndi chikwangwani chake. Iwo anaika pa apuyo kabokosi koti munthu asankhe dzina la msewu wake pa mndandanda wochokera pa mapu, kenako alembe nambala ya nyumba. Ukapanda kusankha, batani lotumizira silimagwira ntchito. Nanga mkati mwa Kanyama tinjira tonse tija tili ndi maina? Pa mndandandawo panali misewu ikuluikulu yokha ya phula, kutali ndi kumene madzi amavutitsa anthu.

Timuyo inali ndi mwambo wake. M'mawa uliwonse onse ankaimirira pa bolodi kwa mphindi khumi ndi zisanu, aliyense kunena zimene wachita ndi zimene zamutsekereza. Ntchito iliyonse inkalembedwa pa kapepala komata, ndipo pakatha masabata awiri ankasankha timapepala toti agwire m'masabata awiri otsatira, nthawi imene ankaitcha sipulinti. Lamulo linali lakuti kapepala kamene timu sinasankhe, palibe wokagwira. Mu Ogasiti Magdalene analemba kake: "Chotsani kabokosi ka msewu, munthu azifotokoza yekha malo." Inali ntchito yosafika ola limodzi.

"Ba Fanwell, ku komboni kulibe maina ya misewu," anatero pa bolodipo.

"Tamvela, Magdalene. Tizaiona mu sipulinti yobwela."

Amati m'timu yotere mulibe bwana, onse ndi ofanana. Bodza lamkunkhuniza! Posankha timapepala aliyense ankayamba wayang'ana nkhope ya a Fanwell asanakweze dzanja. Masipulinti asanu ndi imodzi anadutsa. Anasintha mtundu wa mabatani kawiri, anakulitsa chizindikiro cha bungwe lija, anaika kachithunzi ka dontho la madzi komwetulira. Kapepala ka Magdalene kanatha ulimbo n'kugwa pansi, iye n'kukamatanso ndi selotepi. Madzulo aliwonse akamalowa kwawo ankalumpha ngalande ija, itadzaza mpaka m'mphepete, mtima ukumutentha.

Kumapeto kwa Novembala kunali msonkhano wa olemba mapulogalamu a mu Lusaka, wa Loweruka masana, ndipo a Fanwell anali m'modzi wa olankhula. Anaonetsa bolodi lawo pa chinsalu, anayamikira mmene timu yawo imamvetsera anthu. Kenako anavomera kuti m'miyezi itatu panabwera malipoti khumi ndi limodzi okha, nati vuto ndi lakuti anthu a m'makomboni sanazolowere zamakono, afunika kuphunzitsidwa kaye. Anthu m'holomo anagwedeza mitu ngati kuti amva zanzeru.

Magdalene anapsa mtima. Mayi ake amene amatumiza uthenga pafoni kwa gulu lonse la kwaya, lero akhale mbuli? Anaimirira, nayenda mpaka kutsogolo, foni ili m'manja.

"Ba Fanwell, pepani. Imwe mwamene muziba vamakono, tengani foni iyi munene ngalande ya panyumba pathu, bonse tione."

A Fanwell anamwetulira kosafuna, nailandira. "Msewu ni uti?"

"Ulibe zina."

"Manje muntu afika bwanji?"

"Mukaseluka minibasi, mupitilila chigayo cha ba Sampa, mukhota pa kiyosiki ya manzi, nyumba yachitatu. Sakilani pa list yanu, tilindila."

Chala cha a Fanwell chinakwera ndi kutsika pa mndandanda uja. Wina kumbuyo anaphulika kuseka, ena n'kutsatira, ndipo a Fanwell anamubwezera foniyo osamuyang'ana kumaso.

Lolemba pa bolodi a Fanwell anamuuza pamaso pa onse kuti anachita mwano, kuti za m'timu zimathera m'timu. Magdalene anayankha kuti za m'timu anazinena kasanu ndi kamodzi, ndipo onse analipo. Palibe anamuikira kumbuyo, aliyense maso pa nsapato zake. A Fanwell anamatula kapepala kaja ndi dzanja lawo, koma sanamupatse iye. Anapatsa Kabaso, mnzake wokhala naye tebulo limodzi, nati sipulinti ya Disembala yadzaza kale, kadzagwiridwa tchuthi cha Khirisimasi chikatha. Onse anadziwa kuti chimenecho ndi chilango. Gulu la mafosholo linapita kumalo khumi ndi amodzi aja, onse a m'mbali mwa phula, n'kubwerako.

Kabaso anachotsa kabokosiko pa mphindi makumi anayi. Apu yokonzedwayo inatuluka pa 9 Januwale, koma chimvula chinali chitagwa pa 7, tsiku lonse osakata.

M'mawa wa pa 9 Magdalene sanapite kuntchito. Anali m'chipinda cha mayi ake, madzi akuda akufika m'mawondo, mayiwo atakhala pa tebulo atakumbatira thumba la zovala. Anatulutsa foni ndi manja onyowa nalemba lipoti loyamba lopanda dzina la msewu, kuyambira pa chigayo mpaka pa chitseko chawo. Batani linagwira. Nthawi yomweyo linabwera yankho limene apu imatumiza yokha, mawu amene iye mwini analemba mu Ogasiti ali wokondwa: "Zikomo potiuza. Tibwera kudzatsegula ngalande yanu mvula isanayambe."