Kapepala Kachikasu pa Tsamba la 14

Chipale chofewa chikagwa kwathu kuno ku North Dakota, munthu amagwira fosholo asanamwe khofi. Arlys Haugen, mnzanga wa kusukulu, amachotsa chipale pakhomo, kuwaza mchere pamasitepe, kenako n'kupita kunyumba yosamalira okalamba. Wakhala pa desiki yolandirira anthu kumeneko zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi.

Ntchito yake ndi mapepala. Paliponse pofunika kusayina amamatapo kapepala kachikasu, kuti anthu otopa asavutike kufufuza. Tsamba la 14 la mapepala olandirira wodwala limati pakachitika vuto, banja silidzapita kukhoti. Nkhaniyo adzaiweruza munthu mmodzi m'chipinda chotseka, ndipo mawu ake ndi omaliza. Munthu akhoza kukana tsambali, wodwala wake n'kulandiridwabe. Arlys ankadziwa. Koma abwana amafunsa za tsamba lililonse losasayinidwa, choncho ankamatapo kapepala ngati pena ponse.

Mu Ogasiti, tirigu atangokololedwa, kunabwera a Vernon Bjerke, mlimi amene ankasinthana makina ndi malemu bambo ake a Arlys. Anabweretsa akazi awo a Lorna, amene anali ataiwala ngakhale maina a ana.

"Mapepala onsewa! Ukundigulitsa thirakitala kodi?" anatero a Vernon.

"Inuyo bambo, thirakitala yatsopano? Ija ya dzimbiri ingalire. Ingosayinani pali chikasupo."

"Magalasi ndasiya m'galimoto. Maso anga ndiwe, mwananga."

Mu Januwale a Lorna anasiyidwa okha m'bafa. Anagwa, anathyoka chiuno, ndipo patatha sabata ziwiri anamwalira. Nthaka inali itauma gwa ndi kuzizira, moti bokosi la maliro likudikirabe kuti kufunde, manda akumbike.

A Vernon ankafuna chinthu chimodzi: kuima m'khoti, pamaso pa anthu a m'dera lino, n'kufunsa kuti Lorna anamusiya yekha m'bafa chifukwa chiyani. Loya anawaonetsa tsamba la 14 ndi dzina lawo m'munsi.

Lamlungu Arlys anawapititsira mbatata zophika ndi nyama. Anawapeza kukhitchini, tsambalo lili patebulo, magalasi ali kumaso.

"Ndinamutsekera ndekha chitseko cha khoti Lorna," anatero. "Ndi dzanja ili."

Arlys anaika mbale patebulo.

"Usaoneke choncho, mwananga. Iwenso sunadziwe, eti? Amawerenga ndani zimenezi?"

"Idyani zisanazizire, bambo," anatero Arlys.

Lolemba chipale chinagwanso. Arlys anachotsa cha pakhomo pake, anawaza mchere, anapita kuntchito. Pa desiki panali mitolo isanu ya mapepala ya mabanja obwera sabata imeneyo, ndipo chitseko cha abwana chinali chotsegula. Arlys anatsegula mtolo woyamba pa tsamba la 14, anamatula kapepala kachikasu, n'kulemba ndi cholembera pamwamba: "Tsamba ili mukhoza kulikana." Anatero mpaka mtolo wachisanu, kenako anaisanja bwino pakona pa desiki.