Karinya Yoyera Yopanda Mazenera

Ganizo lopita ku Joni ndinalimanga nditaima pamzere pachipata cha mgodi wa malasha ku Moatize, tsiku lachinayi lotsatizana. Inali nthawi ija malasha atangoyamba kununkhira ndalama, aliyense akuti Tete wadzuka. Ine ndinali ndi karta yoyendetsera galimoto m'thumba, ndipo mumtima ndinali nditadzilemba kale ntchito. Koma kalaliki wapazenera anandifunsa mafunso atatu m'Chipwitikizi, ine n'kuyankha limodzi, lolakwikanso. Sikuti ndine mbuli. Tinathawira ku Malawi nthawi ya nkhondo ndili wamng'ono, sukulu ndinaphunzira kumeneko, ndipo pobwerera kwathu ku Zóbuè lilime la Chipwitikizi linali litauma kale. Chingerezi chothyokathyoka ndinali nacho, koma pazenera lija sichinkagula kanthu.

Mkazi wanga Luwiza sanakane. Ovuta anali amayi. Ndinawapeza kudimba akukumba kachewere, ndinawauza, iwo osasiya khasu. Ana aamuna anali nafe awiri, ndipo mkulu wanga Alufonso anali atabwera kuchokera ku Joni komweko ali m'bokosi. Tsiku limenelo ine ndinali kuganyu ya fodya ku Angonia, ndinafika maliro ali kale m'nyumba.

"Domingo," anatero amayi, "ndalama kaya ubwera nazo kaya ayi, zimenezo n'zako. Ine ndikufuna chimodzi. Ubwere ndi miyendo yako."

Ndinaseka, n'kulonjeza. Lonjezo lake linkaoneka lotchipa kwambiri.

Ku Joni Chingerezi chija chinandidyetsa. Nditavutika chaka chathunthu ndi maganyu, ndinalowa pakampani ina yonyamula katundu wachangu. Ntchito yake ndi iyi: makina a pafakitale kapena pamgodi akaima chifukwa chitsulo chimodzi chathyoka, mwini wake sadikira thiraki yaikulu kuti idzaze. Amaitana ife, timanyamula chitsulocho tsiku lomwelo, n'kuthamanga nacho. Zaka zisanu ndi chimodzi ndinayendetsa galimoto ya denga lalifupi, yoti polowa kumbuyo umawerama ngati ukulowa m'khola la mbuzi. Kukoka bokosi lolemera uli chiweramire, kakhumi patsiku, msana umakuuza zaka zako. Mpaka lero kukazizira ndimadzuka mogwira khoma.

Ndinkagona m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya eni, pamodzi ndi a Nkhoma, bambo wa ku Dedza amene tinkagwira ntchito imodzi. Kusungulumwa kwa ku Joni sikubwera pamene ukugwira ntchito. Kumabwera Lamulungu masana, utachapa zovala, palibenso chochita. Ndinkamvera mauthenga a pafoni ochokera kwathu kawiri katatu. Mwana wanga Selina atayamba sukulu anayamba kunditumizira mawu m'Chipwitikizi, monyadira, ndipo ine bambo wake ndinkamva theka lokha. Ndinkangoyankha kuti wakhoza mwanawe.

Maganizo ogula galimoto yangayanga anabwera nditaona kuti zitsulo zina zimene tinkanyamula zinkalembedwa kuti zikupita ku Tete. Ndinati, ngati migodi ya ku Moatize ndi ku Benga imadikira zitsulo pamene mathiraki akugona masiku pamalire, munthu wa galimoto yaing'ono yothamanga sangagone ndi njala. Ndipo ndikhala kwathu.

Apa m'pamene ndinalakwa, ndipo sindibisa. Miyezi isanu yomaliza ndinasiya kutumiza ndalama. Foni yanga inabedwa pa chipwirikiti china chothamangitsa alendo m'dera lathu, ndipo nditagula ina, nambala yatsopano sindinaipereke kwathu. Ndinkadziwa kuti ndikangoimba ndimva za feteleza, za denga lodontha, za nsapato za Selina, ndipo sindikanatha kukana. Galimoto ikanathera m'makutu. Ndinadziuza kuti apirire pang'ono, adzaseka akadzandiona ndikulowa pakhomo ndi chinthu chooneka. Sindinaganize kuti nkhani ya chipwirikiticho inafika ku Zóbuè pawailesi, dzina langa osatsatira pambuyo pake.

Tsiku losankha ndinapita ndi a Nkhoma pabwalo logulitsira magalimoto akale. Galimoto zoti ndisankhepo zinatsala ziwiri. Ina ya denga lalifupi, yabuluu, yokhala ndi mazenera m'mbali. Ina ya denga lalitali, yoyera, yaitali thupi, yotsekeka mbali zonse. A Nkhoma ankakokera ku yabuluu.

"Achimwene, yaitaliyi imamwa mafuta, ndipo mphepo ikamaomba m'mbali imakukankhani ngati chitseko. M'malo oimika magalimoto a pansi pa nyumba zosanja simulowa nayo."

"Ku Moatize kuli nyumba zosanja zingati?" ndinawafunsa.

"Nanga yabuluuyi, katundu akasowa simungaikemo mipando n'kumanyamula anthu?"

Anali ndi mfundo, koma ine ndinali nditatsegula kale zitseko ziwiri zakumbuyo za yoyera ija n'kukwera. Ndinaima chilili. Ine wamtali ndithu, koma mutu sunagunde. Ndinatambasula manja, ndinayenda kukafika kutsogolo n'kubwerera, osawerama. Ndinaona mphete zomangira katundu pansi, ndinaona kuti pampu yamadzi ya pamgodi ilowa choimirira osaigoneka. Kupanda mazenera ndinati n'kwabwino, wakuba saona chimene wanyamula. Kuyera ndinati n'kwabwinonso, dzuwa la ku Tete silisewera ndi galimoto yakuda. Chilichonse ndinachiyesa ndi nzeru za ntchito, ndipo pa ntchito sindinalakwitse ngakhale chimodzi. A Nkhoma anaizungulira, n'kuima kumbuyo kwake akukanda chibwano.

"Ikundikumbutsa chinachake," anatero.

"Chiyani?"

"Aa, zisiyeni. Gulani."

Sindinawafunsenso. Safunsa anadya phula.

Ulendo wobwerera unatenga masiku anayi, ambiri mwa iwo ndikulimbana ndi mapepala pamalire. Nditawoloka Zambezi pa mlatho wa ku Tete ndinaimba nyimbo ndekha. Moatize ndinaipeza itakula, fumbi lakuda lili pamasamba a mitengo, nyumba zina za alendo zimene ndinazisiya zikumangidwa zili zotseka. Sindinaime. Ndinakwera mapiri kulowera ku Zóbuè dzuwa lili paliwombo.

Kuchoka pamsewu waphula kukafika kwathu ndi kanjira ka miyala, ndipo galimoto yaitali imagwedera. Ndinayenda pang'onopang'ono. Ndinayatsa nyali zophethira zija kuti a njinga zamoto andipatse mpata, komanso, ndinene zoona, kuti anthu aione bwino. Anthu anaionadi. Pamsika azimayi anaimirira. Bambo wina anavula chipewa. Njinga zamoto zitatu zinanditsata pambuyo mwakachetechete, osaliza belu, ndipo ine chitsiru ndinkati ulemu umenewu ndi wa galimoto yatsopano. Dzuwa linkawala pagalasi lakutsogolo, palibe amene ankaona nkhope ya woyendetsa.

Nditakhotera pa mtengo wa mango wa pakhomo pathu, ndinamva mfuu. Anali Luwiza, manja kumutu, akuthamangira kuseri kwa galimoto, ku zitseko zakumbuyo, osati kumene ndinakhala ine. Nyumba zoyandikana nazo zinayamba kulira. Amayi anatuluka m'khitchini atanyamula lichero la nyemba. Anayang'ana galimoto, anayang'ana nambala yake ya ku Joni, n'kunena mawu amodzi okha, "Wachiwiri." Lichero linagwa, iwo n'kutsatira.

Ndinatsika ndikukuwa kuti ndine, ndine Domingo, ndili moyo. Ena anathawa. Luwiza anandiyang'ana ngati sakundidziwa, kenaka anandimenya pachifuwa ndi manja onse awiri, kamodzi, mwamphamvu, n'kuthamangira kwa amayi. Pakamwa pawo panali patapotokera mbali imodzi, dzanja lamanja lili lende.

Katundu woyamba wachangu amene karinya yanga, galimoto yoyera ija, inanyamula m'dziko la kwathu anali amayi anga. Tinayala matiresi pansi, pakati pa mphete zija. A kuchipatala chaching'ono cha pafupi anatiuza kuti tithamangire ku Moatize. Njira yonse Luwiza anaima chilili kumbuyoko, dzanja limodzi atagwira chitsulo cha kudenga, lina atachirikiza mutu wa apongozi ake kuti usagunde pamabampu. Denga lalitali linagwira ntchito yake. Ine ndinkayendetsa misozi ikutsika, ndikumva mawu ake kudzera pakhoma la kumbuyo kwanga: "Amayi, ndi mwana wanu akuyendetsayu. Sanafe. Mukumva? Ndi Domingo."

Tili pabenchi panja pa chipatala, madzulo dzuwa likupendeka, m'pamene Luwiza anandiyankhula.

"Bambo a Selina, inu msewu uwu mumaudziwa. Maliro a ku Joni opita ku Malawi amadutsa pamalire, pa furontera pano, sabata ndi sabata. Amabwera m'galimoto yotani?"

Ndinali nditaiona kale m'maganizo.

"Yoyera, yaitali, yopanda mazenera, nyali zikuphethira. Ya alamu anga Alufonso inali yomweyo, inaimanso pa mango pomwepo. Miyezi isanu amayi akhala akupita kumsewu m'mawa uliwonse, amati akukagulitsa tomato. Tomato wanji? Ankawerenga magalimoto oyera, kuona ngati ina ikhotere kwathu. Ikadutsa, ankabwerera kudzadya."

"Ndinkafuna ndikudzidzimutseni ndi chinthu chabwino," ndinatero.

"Mwatidzidzimutsa. Inu munaona galimoto yoimiriramo. Ife kuno timaidziwa kuti ndi ya munthu wogona."

Ndinachita manyazi amene sindinawamvepo chibadwire. Zaka zisanu ndi ziwiri ndinkaganiza kuti wovutika ndine, wosungulumwa ndine, ndipo kwathu ndi malo amene amangodikira ndalama. Sindinadziwe kuti nawonso anali pantchito tsiku ndi tsiku, ntchito yondisunga wamoyo m'mitima mwawo popanda umboni uliwonse.

Amayi anatuluka m'chipatala patatha milungu itatu. Akuyenda ndi ndodo, mwendo umodzi akuukoka, mawu amatuluka amodziamodzi. Kudimba sapitanso. Ntchito ya galimoto ikuyenda mwa apo ndi apo. Migodi ina inachepetsa anthu, ndipo masiku ambiri ndimanyamula matumba a kachewere ndi kabichi kupita ku Tete m'malo mwa zitsulo. Ikafika foni ya chitsulo chachangu ndimathamanga, ndipo msana sundivutanso pokweza katundu. Ndinagula utoto wachikasu, ine ndi Selina tinapaka mizere iwiri yaikulu mbali zonse, mwanayo n'kulembapo mawu a Chipwitikizi otanthauza katundu wachangu. Kawiri konse anthu abwera kudzandipempha kuti ndikawatengere maliro ku Tete. Koyamba ndinakana. Kachiwiri anali mwana wa mnansi amene analira nafe tsiku lija, ndipo ndinapita.

Koma pakhomo pathu karinya siifika. Palibe anandiletsa. Ndinangoona tsiku lina kuti amayi akamva injini ikukhotera pa mango, amadzidzimuka mpaka ndodo kugwa m'dzanja lawo labwino lija, ngakhale mizere yachikasu akuiona. Ndiye ndimaisiya kumsewu, pa sitolo ya msuweni wanga, n'kuyenda wapansi kanjira ka miyala konse kaja, ndikuimba mluzu kuti andimvere patali. Ndimawapeza atakhala pakhonde, maso ali kunjira. Amandiyang'ana kuyambira kumapazi, osati kunkhope.

"Wabwera... ndi miyendo yako?"

"Ndi miyendo yanga, amayi."

Akatero amaitana Luwiza kuti abweretse chakudya.