Mtengo Umene Unawotcha Njerwa Zanga

Ndinachoka ku Dowa chifukwa cha nyumba. Ndinali nditagwira unamwino zaka zisanu ndi ziwiri, koma mvula ikagwa tinkatcherabe mabeseni m'chipinda cha abambo. Mwayi wa ntchito ku London utapezeka, ndinawauza kuti ndikupita kukasaka malata ndi njerwa. Anali pansi pa mtengo wa mango wa pakhomo pathu, akukunga ng'oma. Anangoti, "Pita, Nabanda. Ife udzatipeza pompano."

Pansi pa mtengowo ndi pamene gulu lawo la mganda linkaphunzirira kuvina Loweruka lililonse, kuyambira ine ndisanabadwe. Amuna akuluakulu m'makabudula oyera ndi sokosi zofika m'mawondo, akuliza mabadza, zikho zija zolira ngati malipenga. Ine zinkandichititsa manyazi, pakuti anzanga kusukulu ankanditcha mwana wa kapitawo wa fumbi.

Ku Woolwich, dera lina la London, ndinkakhala m'kachipinda koti ukatambasula manja ukhudza makoma onse awiri. Shifiti, basi, tulo, shifiti. Ndikalandira malipiro ndinkachotsa ya lenti ndi ya chakudya, yotsalayo kwa achimwene Lemani, amene ankayang'anira zomanga. Foni yakumudzi ikalira ndinkadziwiratu kuti ndi simenti. Palibe ankafunsa ngati ndadya. Abambo okha ankanditumizira mawu pa foni ya achimwene, koma zinali nyimbo za mganda zokhazokha, ndipo ndinkangozidumpha.

Chaka chachitatu achimwene anati njerwa zaumbidwa, uvuni waima, koma nkhuni zikusowa. "Mtengo wa mango uja ukwanira uvuni wonse, achemwali. Koma madala akukana." Ndinali nditangoweruka, mapazi atatupa. Ndinapsa mtima. "Ine ndikufa ndi kuzizira kuno, iwo akulirira mthunzi? Dulani!"

Sabata yotsatira mnzanga wakuntchito, Mayi Chen, anandikakamiza kuti ndimuperekeze ku kamunda kena ka anthu akwawo a ku China, mu London momwemo. Ndinapita monyinyirika, chifukwa tsikulo ndinkafuna kuchapa. Mabasi awiri, kamvula kowaza, kenako kageti kofiira kuseri kwa holo ina. Nditalowa ndinagwa ulesi. Munda wake umenewu? Dimba la malemu amayi linali lalikulu kuposa pamenepo. Kanjira ka miyala, kadziwe, kakhumbi ka denga lopindika, ndi mitengo inayi ya mapeyala achizungu, aja olimba otsekemera, itachita maluwa oyera.

M'kakhumbimo mkulu wina, nkhope itapakidwa utoto woyera ndi wofiira, ankaimba ndi mawu oonda okwera kwambiri mpaka makutu anga anawawa. Mnzake ankakwecha choimbira chonga kaligo. Owonera sanapitirire khumi.

"Zitha nthawi yanji izi?" ndinanong'oneza.

Mayi Chen anaseka. Anandiuza kuti kalekale kwawo mfumu ina inkaphunzitsa oimba ndi ovina m'munda wa mapeyala, ndipo mpaka lero anthu a zisudzo zoimbazi amatchedwa ana a m'munda wa mapeyala. "Mkulu ukumuonayu anapempha kamaloka kwa zaka zambiri. Atampatsa, asanamange chilichonse, anayamba wabzala mitengo. Amati nyimbozi siziimbidwa pamtetete."

Ndinamuyang'ananso mkuluyo. Anali wamsinkhu wa abambo, ndipo ankatsitsa phazi mosamala monga amachitira iwo ng'oma ikasintha. Munthu wochokera kutali ngati ine, wabzala mthunzi m'dziko la eni kuti aziimbirapo. Ine ndinali nditalamula kuti wathu ugwe. Ndinachita manyazi, ndipo ndinadzikwiyira kwambiri.

Ndinathamangira kunja kwa geti. Foni ya achimwene inaitana kasanu osayankhidwa. Atayankha sindinapereke n'komwe moni.

"Achimwene, mtengo uja musadule. Nditumiza ya nkhuni."

"Aa, achemwali, mwachedwatu. Tinagwetsa Lachinayi. Panopa ndili pa uvuni, moto ukuyaka bwino zedi."

Ndinaima podikirira basi n'kumadzitukwana ndekha. M'basimo ndinatsegula mauthenga a abambo aja. Womalizawo sunali nyimbo. Anautumiza Lachiwiri: "Nabanda, undiimbireko, tikambirane za mtengo."

Ndinabwerera kumudzi chaka chatha mu Okutobala. Nyumba ndinaipeza, ya zipinda zinayi, malata akung'anima. Anthu ankandigwira chanza kuti ndine mkazi wamphamvu. Pabwalo panali chitsa, ndipo dothi linkatentha moti nkhuku zinkapalambalala.

Loweruka ndinakhala pakhonde kudikira. Sipanabwere munthu. Achimwene anati madala aja anayesa kawiri kuvina padzuwa, mmodzi anachita chizungulire, basi gulu linabalalika. Mabadza ndinawapeza m'thumba la feteleza m'chipinda chosungira katundu, ena atafumbwa, ena atasweka. Ndinakalipira achimwene kuti bwanji sanandiuze. Iwo anangoti, "Munalamula ndinu."

Mawa lake ndinapita kumsika n'kugula mbande ya mango. Ndinagwada pafupi ndi abambo, n'kuwafotokozera za kamunda kaja, za mkulu wopaka nkhope ndi mitengo yake inayi. Ndinapepesa. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anagogoda khoma ndi chala.

"Njerwa zako zinapsa bwino, Nabanda. Mtengo uja sunakane ntchito."

Ndinawasonyeza mbande ija. Inali yofika m'bondo, ya masamba asanu ndi limodzi. Anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Udikire mvula, ubzale," anatero. "Koma mtengowo ukadzachita mthunzi, udzafune wekha ovinirapo. Amene tinkadziwa mapondedwe a mganda tinali ife."